Buku Limene Tinalida Tisanaliwerenge

Ndinanyamuka ku Masiphumelele, kunja kwa tauni ya Cape Town, Loweruka cha m'ma seveni m'mawa, mkwiyo uli tho, buku lobwereka lili m'thumba. Ndinkapita ku Somerset West kukakalipira mkulu wina wa kwathu ku Rumphi, mlembi wotchuka amene dzina lake silitchulidwa pabanja pathu. Amati m'buku lake lina ananyoza azakhali anga, a NyaMhango, kuti ndi mkazi wamwano wopirikitsa mwamuna. Azakhali akhala akusekedwa zaka makumi atatu, ndipo ndinkafuna mkuluyo apepese asanafe.

Takisi ya ku Fish Hoek ndinalipira marandi khumi ndi asanu, titapanikizana ngati matumba a chimanga. M'sitima yopita m'tauni ndinatsegula bukulo kuti ndipeze pomugwirira. Ndiulule pano: ndinali ndisanaliwerengepo. Kwathu tonse tinangomva kwa anthu amene nawonso anangomva.

Ku Kalk Bay anzanga a m'sitimamo ankajambula mafunde, ine mutu uli m'buku. Mkazi wa m'nkhaniyo anali azakhali ndithu, ndi kayankhulidwe kawo komwe. Mwamuna atatchona ku Joni, iwo analima okha, kuphunzitsa ana anayi, kumanga nyumba ya malata. Bamboyo atabwera ndi mkazi wina kudzalanda nyumbayo, iwo anaima pakhomo n'kukana.

Pasiteshoni ya m'tauni ndinagula mandasi kwa mayi wina wa ku Dedza.

"Achimwene, mwafedwa? Maso ali psuu."

"Ayi, ndi mphepo ya Cape Town iyi."

"Mphepo yake ikuomba inu nokha?"

Takisi yachiwiri inanditula ku Somerset West cha m'ma wani. Mlembiyo ndinamupeza pakhonde kwa mwana wake, wokalamba, maso atachita ng'ala.

"Mwabwera kudzandizazira?" anatero atamva Chichewa changa. "Khalani pansi. Ozaza ataimirira amatopa msanga."

Ndinati a NyaMhango ndi azakhali anga.

"Akadali moyo?"

"Alipo, bambo."

"Ndinkaphunzitsa ana awo. Tsiku limene anaima pakhomo lija, amuna tonse tinazolika, ine ndemwe. Ndinalemba chifukwa cha manyazi anga, osati awo."

"Nanga bwanji simunawafotokozere anthu?"

"Ndinawafotokozera, mwanawe. Masamba mazana awiri."

Ndinaseka, nayenso anaseka mpaka kutsokomola. Zopepesa sindinazitchulenso. Ndinatuluka pageti ndikunyada kuti ndine mwana wa mchimwene wa mayi ameneyo, ndikuchitanso manyazi kuti banja lonse tinakwiyira chinthu chosachiona.

Podikira takisi yobwerera ndinaimba foni kumudzi.

"Azakhali, buku lija ndaliwerenga."

"Wanditukwana zotani m'menemo?"

Ndinawawerengera tsamba la pakhomo lija, magalimoto akulira pambali. Kenako ndinamva akukoka mpando.

"Taima ndiitane anthu. Uyambirenso, ndipo ukweze mawu."