Belu la pa Mtsetse

Belu lija ndikali nalo. Lili pawindo la nyumba yanga kuno ku Vubwi, lachita dzimbiri, ndipo ukalikankha ndi chala limangokhosomola ngati nkhuku yachitopa. Ana anga amafuna kulitaya. Ine ndimawauza kuti ayambe ataya mafoni awowo.

Linali la pa njinga ya malemu bambo anga, njinga yakuda yachimuna, ya chitsulo chopingasa pakati. Magiya inalibe. Anyamata a masiku ano amangodina kachitsulo njinga n'kupepuka pachitunda, koma ija giya yake inali miyendo ya munthu. Bambo atamwalira inangokhala chotsamira nkhokwe, matayala ataphwa, nkhuku zikugona pa kaliyala. Belu nalo linali litauma, losalira.

Chaka chomwe ndinali mu giredi fili, ahedi a sukulu ina cha ku Sinda anafuna mayi wothandiza kuphunzitsa ana aang'ono, aja osayamba giredi wani. Amayi anali ataphunzirako ndithu, ndipo pa nyimbo panalibe wowaposa ku tchalitchi kwathu. Ahedi anawatenga, koma moyesa, kwa temu imodzi ya nyengo yachisanu. "Ana aang'ono sadikira," anatero ahediwo. "Akapeza aphunzitsi kulibe amabalalika ngati anapiye." Panalinso mayi wina wokhala kuseri kwenikweni kwa sukuluyo amene ankaifuna ntchito yomweyo, ndipo aliyense ankadziwa zimenezi. Kwa ife ntchitoyo inali sopo, mchere ndi yunifolomu yanga. Inalinso chifukwa choti amayi azidzuka m'mawa ali ndi kopita, pakuti chichitikire maliro ankangokhala pakhonde.

Sukuluyo inali kutali, kosayendeka wapansi tsiku ndi tsiku. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: amayi anaitana amalume, mlongo wawo, kuti adzutse njinga. Amalume anamata machubu, nathira pa tcheni oilo wakuda wopempha kuchigayo, n'kuyamba kuwaphunzitsa amayi pabwalo la mpira. Anagwa amayi! Anagwera m'mapesi, anagwera pa mbuzi ya eni ake, mudzi wonse uli gwa kuonerera ndi kuseka. Anavala thalauza la malemu mkati mwa chitenje n'kupitiriza. Kupalasa anakudziwa msanga, koma kukwera kunawavuta mpaka kalekale. Chitsulo chopingasa chija sichidziwa chitenje, ndiye kuti akwere ankafuna chitsa kapena chulu choti apondepo. Akatsika pamalo opanda chitsa, basi, ulendo wasanduka wokankha.

Ine anandisamutsira ku sukulu yomweyo, malo anga n'kukhala pa kaliyala, pa thumba lopinda. Njira yathu inali yosavuta kuiloweza. Ukatuluka m'mudzi umayenda pang'ono pakati pa minda ya thonje, kenaka pamabwera mtsetse wautali wotsikira kumtsinje, kamlatho ka matabwa, ndiyeno chitunda. Chitunda chimenecho ngakhale amuna onyamula makala ankachipatsa ulemu. Amalume anapereka lamulo limodzi lokha. "Mlongo, chitunda icho sichikwereka ndi mphamvu ayi. Chikwereka ndi liwiro lomwe wabwera nalo. Ukagwira buleki pamlatho, watha."

Amalume anaiwala chinthu chimodzi. M'mbali mwa kamlathoko munali dimba la agogo, bambo awo a bambo anga, apongozi a amayi. Nkhalamba ija inkalawirira kuthirira repu ndi matimati tsiku lililonse, itavala chijasi chong'ambika m'zigongono. Ndipo kwathu mkazi sadutsa apongozi ake aamuna ali chiimire, nanji ali pamwamba pa njinga. Amapatuka, n'kugwada pambali pa njira, nkhope atayang'ana kumbali.

Choncho m'mawa uliwonse zinkachitika chimodzimodzi. Tinkatsetsereka bwinobwino, mphepo yozizira ikuluma makutu, ndiye pamlatho mabuleki n'kulira. Amayi ankatsika, kugwada pa udzu wa mame, kuomba m'manja. "Mwauka bwanji?" Agogo ankayankha akuyang'ana kheni yawo yothirira. Ulemu ukatha, liwiro nalo latha, chitsa palibe. Tinkakankha njinga chitunda chonse, amayi thukuta lili kamukamu m'chisanu chomwecho, ine ndikutsalira m'mbuyo ndi timiyendo tanga. Tikamafika, chigudumu chachitsulo chomwe ankaimba pasukulu ngati belu chinali chitalira kale, ndipo ana a m'kalasi mwa amayi atabalalika, ena ali mumtengo wa mango, ena akulira.

Mwina mukuti bwanji osalawira. Anthu osasenzapo mtsuko amafulumira kupereka nzeru. Kumjigo ankatsekula kukayera, mng'ono wanga anali woyamwa woti akasiyidwe kwa azakhali, komanso mkazi wamasiye akatuluka kukali mdima, pamudzi amamupezera okha mwamuna. Amalume anati amayi azingodutsa, nkhalamba izolowera. Amayi anakana kwamtuwagalu. "Ndidutse apongozi ndili pamwamba, pa njinga ya mwana wawo? Ntchito ithe, koma izo ayi."

Ndipo inatsala pang'ono kuthadi. Lachisanu lina ahedi anawaitanira amayi pansi pa mtengo, ine ndikumva. Sanakalipe, ndipo mpaka lero sindiwaimba mlandu. Anangoti sabata yamawa ikakhalanso chonchi, aitana mayi wa kuseri kwa sukulu uja. Pobwerera amayi sanaimbe nyimbo ngakhale imodzi, chonsecho masiku onse ankaimba.

Mawa lake anandituma kudimba kukatenga ndiwo. Agogo anandifunsa za kusukulu, ndipo ine pakamwa panga sipanakhalepo ndi chitseko. Ndinakhuthula zonse: za ahedi, za chitunda, za lamulo la amalume, ndi kuti amayi amatsikira iwowo. Agogo anapitiriza kumanga repu ndi luzi. Atamaliza anandipatsa mtolowo mosandiyang'ana.

"Kodi njinga ya mwana wanga ilibe belu?" anatero mokalipa. "Mungondigwera ngati kabawi, munthu ndili pa nchito. Ukawauze amako akonzetse. Aziliza akali pamwamba paja."

Ndinabwerera mtima uli m'mwamba, poganiza kuti ndawaputira amayi mlandu wina. Ndinawapeza akusenda nsawawa, ndipo ndinanena mawu a agogo monga momwe anatulukira. Manja awo anaima. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anati ndithamange ndikaitane amalume, abwere ndi oilo uja.

Lolemba kunacha ndi nkhungu, udzu uli mbuu. Titafika pamwamba pa mtsetse amayi analiza belu. Ngrii, ngrii! Linamveka chigwa chonse. Ndinasuzumira kunsi kwa mkono wawo n'kuona chijasi chija chikuweramuka. Agogo anaika kheni pansi, natembenuka, kutipatsa msana, n'kuyamba kuyenda kulowera kumapeto kwa dimba kuli nthochi. Anawerama pamenepo ngati pali kanthu kofunika kwambiri.

Ndinamva msana wa amayi ukuuma. Zala zawo zinali kale pa buleki, ndipo njinga inayamba kulira kaphokoso kake kaja. Kenaka anasiya. "Gwiritsa!" anakuwa. Matabwa a pamlatho anangoti gududu kunsi kwathu, ndipo tinalowa chitunda tili ndi liwiro lonse la pamtsetse.

Gawo loyamba njinga inakwera yokha. Pakati inayamba kulemera, ndipo amayi anaimirira pa mapedulo, chinthu chomwe ndinali ndisanawaonepo akuchita. Tcheni inkalira, chitenje chinamasuka mbali imodzi thalauza la malemu n'kuonekera, koma iwo analibe nazo ntchito. Ndinkamva mpweya wawo ukutuluka ngati wa munthu wosinja. Njinga inayamba kuyenda mokhotakhota, uku ndi uku, pang'onopang'ono moti ndikanatha kuwerenga miyala. Ine ndinkadzikankha chamtsogolo pa kaliyalapo, ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti ndikuthandiza. Amayi ena omwe ankatsika ndi ndowa anaima n'kuyamba kululutira. Wina anafuula kuti, "Musaponde pansi, mai, mwafika!"

Sanaponde pansi. Gudumu lakutsogolo litagwira pamwamba, mapiri a ku Katete n'kuonekera patali, amayi anaseka. Anaseka mokweza, misozi ikutsika, ndipo kanali koyamba kuwamva akuseka chichokere bambo. Ine ndinanyada kwambiri tsiku limenelo, kunyada koti mpaka lero ndikakumbuka chifuwa chimadzaza. Ahedi potuluka kuti akaimbitse chigudumu chija anapeza amayi ali kale pakati pa ana awo, nyimbo ili mkati. Anayang'ana dzuwa, anayang'ana njinga, n'kubwerera mu ofesi.

Kuyambira pamenepo chitunda chija chinakhala chathu. Masiku ena chinkatigonjetsa pafupi ndi pamwamba, makamaka kukakhala mphepo, koma sitinachedwenso. Temu itatha ntchito inakhala ya amayi, ndipo anaigwira mpaka mawondo atayamba kudandaula. Ana omwe anawaphunzitsa kugwira pensulo ena ndi anamwino lero, ena ali ndi mashopu ku Katete. Pamudzi omwe ankaseka aja anayamba kutumiza ana awo aakazi kwa amalume kuti awaphunzitse njinga.

Koma ine nyengo yonseyo ndinali ndi chakukhosi ndi agogo. M'mawa uliwonse belu likalira iwo ankatifulatira, osaphonya, ndipo ndinatsimikiza kuti ankatida. Ndinawauza amalume kuti nkhalamba ija ndi yoipa mtima, ikuipidwa kuti amayi akwera njinga ya mwana wake. Amalume anaseka mpaka kutsamwa. Amayi anangoti, "Usadzanenenso zimenezo," ndipo Loweruka lililonse ankandipatsira kambale ka chiponde kuti ndikasiye kudimba.

Ndinali mwana. Sindinkadziwa kuti mpongozi amene wafulatira sanadutsidwe, ndiye palibe amene walakwa. Sindinkadziwanso kuti belu lija agogo ankalidziwa kulira kwake kuyambira kale, pamene mwana wawo ankaliza potsika mtsetse womwewo kudzawaona. Tsiku lililonse ankalimva likubwera, mdzukulu wawo ali pa kaliyala, ndipo ankadzimana kutembenuka. Ine ndinkangoona chijasi chong'ambika pakati pa nthochi, n'kumachitulutsira lilime tikamadutsa.