Gilisalini m'Mashoko a Galimoto ya Amalume

Kanali kabotolo kapulasitiki, kotalika ngati chala, ka kamlomo kosongoka. Mafuta ake anali ooneka ngati madzi, koma ukakapendeketsa ankayenda mwaulesi. Amalume ankakasunga m'sokosi, sokosiyo m'chikwama, chikwamacho pansi pa bedi. Ankati mafuta amenewo sungawapeze kuno, ngakhale utayenda Limbe yense shopu ndi shopu.

Chinali chaka chimene amalume anabwerera kuchokera ku Joni. Ine ndinali kamtsikana ka zaka khumi, tikukhala ku Chigumula m'nyumba ya lendi, ine ndi amayi basi. Anthu ankayembekeza kuti munthu wotha zaka zisanu ndi ziwiri kunja abwera ndi firiji, kapena malata. Iwo anatsika minibasi ndi chikwama chimodzi ndi katoni. M'katonimo munali galimoto ya limoti, yotalika ngati mkono wanga, ya matayala a timinga, yopangidwira kuthamanga m'fumbi ndi m'mabampu. "Achimwene, zaka zonsezi, chidole?" anatero amayi. Kenako anaona dzanja lamanja la amalume n'kutseka pakamwa. Makina a kufakitale anali atawadula zala ziwiri, ndipo zitatu zotsalazo zinkachita dzanzi, makamaka kukazizira.

M'mawa uliwonse ankapita kukafuna ntchito m'magalaja. Ankabwerako dzuwa litapendeka, nsapato zili mbuu, yankho lili lomwe lija: mabwana ankayang'ana dzanja asanamve n'komwe zimene munthuyo amadziwa. Akafika sankadandaula. Ankatenga thireyi ya amayi yoperekera tiyi kwa alendo, n'kukhala pakhonde, n'kuyamba kumasula galimoto ija. Amayi ankakuwa kuti thireyi yawo yasanduka galaja, koma sankawalanda.

Ine ankanditchula kuti amakaniko. Ankabwereka lula yanga ya kusukulu kuti ayeze mpata wa pakati pa mimba ya galimoto ndi simenti, kutsogolo ndi kumbuyo. Matayala ankawapendeketsa pang'ono kwambiri, mitu yake kuloza m'kati, kuti pokhota agwire. Koma mtima wawo wonse unali pa mashoko, timachubu tinayi tokhala ndi masipuling'i, timene ankathiramo mafuta a m'kabotolo kaja dontho ndi dontho. "Liwiro aliyense ali nalo, amakaniko," ankatero. "Nkhani ndi kugwira nthaka." Mafuta akapyapyala, galimoto imanjanja ngati chule. Akalimba kwambiri, matayala amachedwa kubwerera pansi, ndiye imangotsetsereka pamwamba pa mabampu, osamvera woyendetsa. Akamaliza ankainyamula kufika m'mawondo n'kuisiya igwe. Ikatera kuti phi, osanjanja, ankaseka mano onse panja. Kumeneko kunali kuseka kokhako kumene ndinkakuona pankhope pawo.

Mwezi wa Juni uli pakati anabwera akuimba mluzu. Anali atakumana ndi bambo wina wa shopu ya zamagetsi ku Limbe, yemwe ankagulitsanso magalimoto oterewa kwa anthu opeza bwino. Anthuwo ankapikisana Loweruka lililonse pabwalo lina lafumbi kufupi ndi nkhalango ya Kanjedza, koma magalimotowo akawonongeka panalibe wokonza. Bamboyo anati amalume abwere ndi yawo, aione mmene ikugwirira nthaka, ndipo ikamusangalatsa awapatsa tebulo kuseri kwa shopu. Tsiku limenelo amayi anagula nsomba zouma zazikulu, ndipo sanatchulenso mawu akuti chidole.

Tsopano apa ndi pamene ndimafuna nditadumpha ndikamafotokoza nkhaniyi, koma mlandu suwola.

Ndinali nditaona amalume akupukuta thupi la galimoto ndi kadontho ka mafuta aja, pulasitikiyo n'kuwala kuti ng'anii. Nsapato zanga za kusukulu zinali zotuwa, zosweka m'mbali, ndipo anzanga ankati ndavala makoko a nthochi. Lachinayi masana, amalume ali ku Limbe, amayi ali kumsika, ndinakwawira pansi pa bedi. Ndinati ndingotenga madontho awiri. Nditakhala kuseri kwa nyumba ndinafinya, osatuluka kanthu. Ndinafinyanso ndi manja onse awiri, kamlomo kaja kanafwamphuka, mafuta thapwi, ochepa pa nsapato, ena onse m'fumbi. Mayo ine! Ndinayesa kuwawola ndi chivindikiro, koma ndinkangowola matope.

Pawindo panali botolo la gilisalini la amayi, limene tinkadzola nyengo yozizira kuti miyendo isatuwe. Ndinalipendeketsa. Nalonso linali looneka ngati madzi, loyenda mwaulesi, lopanda fungo. Ndinadzaza kabotolo kaja mpaka pamene mafuta analekeza, kubwezera kamlomo, kukalowetsa m'sokosi. Ndinadzitama mumtima kuti ndine wochenjera. Lero ndikaganiza za kuchenjera kumeneko ndimachita manyazi ndili ndekha m'nyumba.

Lachisanu masana kunatentha pang'ono. Amalume anakhala potsamira khoma, padzuwa, n'kukhuthula mafuta akale m'mashoko onse anayi kuti athire atsopano. Anadontheza dontho limodzi pachala, kulitikita, n'kuima. Anatikitanso. Kenako anapukusa mutu, kuyang'ana dzanja lawo mokwiya, n'kunditambasulira kabotolo kaja.

"Amakaniko, zala zangazi zikundinamiza. Tamvani ndi zanuzo. Ali ngati a masiku onse?"

Ndinatikita. Ankamata pang'ono, ndipo ndinkadziwa kuti nditanyambita angatsekemere.

"Ali bwinobwino, amalume."

Palibe anandikakamiza. Amalume sanali munthu womenya, sanandikalipirepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ndikanangoti ndataya mafuta, bwenzi atabwezera akale aja, amene anali akadali m'kachivindikiro pathireyi. Ndinawaona akuwakhuthulira m'fumbi, ndili chete. Galimoto anaigwetsa kuchokera m'mawondo, inatera kuti phi, ndipo anaseka.

Loweruka kunacha ndi chiperoni. Nkhungu inaphimba mitengo ya ku Kanjedza, kamvula kowaza kakulowa mpaka m'mafupa. Pabwalopo panali azibambo ovala majekete onenepa, magalimoto awo enieni ataimika chapatali. Anali atakonza njira ndi matayala akale, n'kuunjika timilu tadothi todumphira. Amalume anavala shati yoyera imene amayi anaisita, ndipo anakana kuvala juzi pamwamba pake.

Limoti imagwiridwa ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kumapotoza kachiwongolero kali pambali. Amalume anauzira mpweya zala zawo zitatu zija, galimoto n'kunyamuka. Pamalo osalala inathamanga bwino, mpaka wina anaimba mluzu. Itafika pa mabampu inayamba kugwedezeka ngati ngolo yopanda katundu, inakana kukhota, n'kukawomba tayala. Anaibweza. Ulendo wachiwiri inadumpha kamulu, kutera ndi mphuno, n'kugadabuzika miyendo m'mwamba. Ulendo wachitatu chimodzimodzi. Mmodzi wa azibambo aja ananena, osati mokweza, koma tonse tinamva: "Galimotoyo ilibe mlandu, vuto ndi dzanjalo."

Amalume anaitola, kudina kutsogolo kwake ndi zala zozizira zija, kudinanso, osamva kanthu. Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi, pa nsapato zanga, zimene zinali zikuwalabe. Ndiye anatembenukira kwa bambo wa shopu uja n'kunena mwaulemu kuti galimotoyo anaikonza okha ndipo ili bwino, cholakwika ndi iwo. Bamboyo anawagwira paphewa n'kuti wokonza amafunika aziyesanso yekha zimene wakonza, koma adzawaitana. Sanawaitane.

Tinabwerera wapansi mpaka ku Limbe. Pasiteji anandigulira chimanga chootcha, iwo osadya.

Zoona zake ndinazimva ndili Fomu 3. Aphunzitsi a sayansi anabweretsa mabotolo awiri a gilisalini, lina atalimiza m'madzi ofunda, lina m'madzi oundana, n'kugwetsera kamkanda m'lililonse. Mu lofunda kanatsika msanga. Mu lozizira kanachita ngati kaima. Anzanga ankaseka, ine ndinapempha kutuluka, ndipo ndinakalira kuseri kwa kalasi mpaka belu. Nthawi imeneyo amalume anali atatisiya chaka chapitacho. Anamwalira ali mlonda pageti ya nyumba ina ku Namiwawa, ntchito imene anailowa patangotha mwezi chichitikireni za ku Kanjedza. Sanagwirenso sipanala. Amayi ndinawauza ndili kale ndi ana anga. Iwo anangoti, "Unali mwana." Ndikudziwa kuti ndinali mwana. Koma tsiku lija amalume anandifunsa, ndipo ndinayankha.

Tsiku limene ankapita kukayamba ulonda, anandiitana pakhonde. Galimoto inali itapukutidwa, batire litadzaza. Anandipatsa limoti ndi dzanja lamanzere, lamanja lili m'thumba la buluku, mmene linakhaliramo kuyambira pamenepo ngakhale popereka moni. "Tengani, amakaniko. Inu zala muli nazo zonse." Ine ndinalumpha, kuthokoza kawiri katatu, mtima uli mbee poganiza kuti nkhani yatha ndipo sindinagwidwe. Ndinathamanga kukaitana ana a nyumba yoyandikana nayo kuti adzaone. Ndinkayesa kuti amalume andipatsa mphatso chifukwa chondikonda chabe. Sindinkadziwa kuti munthu wamkuluyo wangovomereza kumene zimene mabwana onse a m'magalaja ankamuuza, ndiponso kuti umboni womaliza anaumva kwa ine.