A Kamtambe ndi Ana Otupa Masaya

A Vinsenti Kamtambe anabadwira ku Kaphuka, m'banja lolima kachewere. Kusukulu mutu unkagwira, choncho anatumizidwa kunja kukaphunzira udokotala. Anabwerako mu 1971 atavala chijasi chaubweya chimene alongo awo ankati chikufanana ndi nkhosa, n'kuyamba ntchito pa chipatala china cha mishoni m'mapiri a Dedza.

Kumeneko anakumana ndi matenda amene analimbana nawo moyo wawo wonse, khansa ya ana yotupitsa tsaya. Mwana ankabwera nsagwada itafufuma, mano akugwedera, makolo akuti ndi dzino.

Tsiku lina mayi wina, a Falesi, anafika kuchokera ku Mtakataka atabereka mwana wawo Monika, diso limodzi litatsekeka ndi chotupa.

"Adokotala, ingozulani dzinoli. Mwanayu sakudya," anatero a Falesi.

"Mayi, dzinoli lilibe mlandu. Mukhale nafe kuno, timupatse mankhwala odzera mumtsempha."

A Falesi anavomera monyinyirika. Mankhwalawo anamusanzitsa Monika, koma posakhalitsa chotupa chinayamba kuphwa, diso linatseguka. M'mawa wina a Kamtambe anamupeza pakhonde akukukuta chimanga chootcha.

"Iwe Monika, mano ako sanalimbe. Wakupatsa ndani?"

"Ndawalanda amayi," anayankha mwanayo osasiya kutafuna.

A Kamtambe anaseka mpaka anavula magalasi. Kenako anapempha kachidutswa, nawonso n'kukhala pansi kudya.

Chinawadabwitsa n'chakuti ana ambiri odwala chonchi ankachokera kuchigwa kotentha, kodzaza udzudzu. Ochokera ku Lobi kapena kwawo ku Kaphuka anali apo ndi apo. Anagula njinga yamoto n'kumatsika msewu wokhotakhota wa ku Golomoti, kufunsa m'midzi za malungo ndi kuyendera ana amene anatuluka m'chipatala. Nyengo yadzinja ankabwerako matope okhaokha, masisitere osawazindikira pageti. Zimene anapeza anazilemba pamodzi ndi madokotala anzawo ofufuza za ubale wa malungo ndi khansayi.

Si ana onse amene anachira. Ena ankafika mochedwa, ena chotupa chinkabwerera, ndipo a Kamtambe ankapita kumaliro ngati wachibale. N'chifukwa chake ankaphunzitsa akatekisiti ndi aphunzitsi kuti akaona tsaya la mwana likukula auze makolo kuti athamangire naye kuchipatala, asadikire kukolola.

Monika anachira, anakula, anadzakhala telala pa Dedza boma. Madokotala a mumzinda atawaitana a Kamtambe kuti akagwire nawo ntchito, iwo anathokoza n'kukana, amvekere, "Ine popanda chifunga cha m'mawa sindidzuka bwino."

Anapuma ntchito mu 1992 n'kubwerera ku Kaphuka kukalima kabichi, yemwe sankawatupira ngati wa anzawo. Komabe Lachitatu lililonse ankapezeka mu wodi ya ana, ndipo akazi awo a Esitere analeka kuwafunsa kumene akupita, ankangowakonzeratu kamba.