Ndinatchula mpama poona tsamba limodzi

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kupha mlamu wanga chifukwa chofuna kuoneka wodziwa. Ndikuulula kuti wina asadzachite zomwezi.

Kwathu kuno ku Makhuwira tili ndi gulu la pa foni lozindikira zomera zam'tchire. Ukapeza chomera chachilendo umajambula n'kutumiza, anzako n'kutchula dzina lake m'Chimang'anja kapena m'Chisena. Lamulo lathu n'loti zithunzi zionetse tsamba, tsinde ndi muzu, ndipo palibe kudya mpaka anthu atatu agwirizane. Ine ndinakulira m'munsi mwa mapiri, ndiye zomera zambiri ndinkazidziwa. Anthu atayamba kunditcha aphunzitsi, ndinayamba kudzimva.

Chaka chomwe madzi osefukira anakokolola minda yathu, ambiri tinkadalira zokumba m'tchire. Tsiku lina m'mawa mlamu wanga, mkazi wa achimwene, anatumiza chithunzi cha tsamba limodzi lokha, kufunsa ngati unali mpama wodyedwa. Ndinaona kuti bambo wina wa ku Katunga, yemwe tinkapikisana naye pa mayina, wayamba kulemba. Ndinathamangira kuyankha kuti, "Ndi mpama umenewo alamu, phikani." Za muzu sindinafunse n'komwe. Bambo uja anati tidikire kaye, koma mlamu anakhulupirira ine wachibale.

Pofika masana anali akusanza, lilime litalemera, osatha kuima. Unali mtundu wina wofanana masamba, koma wakupha. Mwayi wake, anayamba walawa yekha ana asanaweruke kusukulu. Tinathamangira naye kuchipatala pa njinga yamoto, ine ndikulira njira yonse.

Atachira ndinapita kukamugwadira, ndipo ndinalemba pagulu kuti wolakwa ndine. Ndinkayesa andichotsa, koma bambo uja anati tikakumbe chomeracho tonse. Mlamu ndiye anatsogolera kuloza malo, tinachijambula kuyambira kunsonga mpaka kumuzu. Zithunzizo zinafika kutali. Mayi wina wa ku Kasisi anaimba foni kuti wataya mphika wonse atauzindikira muzuwo, ana ake ali kale ndi mbale m'manja. Tsiku limenelo mtima wanga unakhalako pansi.

Choncho magulu otere musawathawe, ndi othandiza kwabasi. Koma jambulani chomera chonse, ndipo dikirani anzanu ngakhale njala ikuluma. Nanu odziwa, kunena kuti "sindikudziwa" sikunaphepo munthu. Kuyankha kwanga kwa changu kukanasiya ana anayi a mlamu opanda mayi.