Ndinavinira Mendulo ya Agogo

Ndili ndi mamendulo asanu ndi awiri m'chitini cha mabisiketi, onse okumbukira anthu amene anamira ndi sitima pa nkhondo ya azungu. Mkazi wanga amawatcha zitsekerero za mabotolo. Sindinayambe kutolera chifukwa chowakonda ayi. Ndinkasaka imodzi yokha: ya agogo anga aamuna, amene ankasonkha moto m'sitima ya asilikali ndipo sanabwererenso. Mendulo yawo itafika, agogo aakazi anaikanda kumbuyo ndi msomali mizere itatu, ya ana awo atatu. Kenako wachibale wina anaibwereketsa kwa ovina malipenga, ulendo ndi womwewo.

Mwa ana atatuwo otsala anali amayi anga okha, maso atachita kale khungu. Ankangoti akufuna kuigwira menduloyo asanafe.

Tsiku lina ku Chikale kunali malipenga. Kingi, mtsogoleri wa gulu la ovina, ankanyang'wa mamendulo akulendewera pachifuwa. Atamaliza ndinapempha kuwaona. Nditatembenuza yachitatu, mizere ija inali pomwepo.

"Ada, iyi ndi ya kwathu. Tchulani mtengo," ndinatero.

Kingi anandiyang'ana pamimba. "Iyi ndi ya gulu, sitigulitsa. Amavala ndi wovina basi. Imwe a mu ofesi, ndi chimimba chimenechi?"

Ndinapsa mtima koopsa, koma Loweruka ndinapita kukalowa gululo. Miyezi inayi ndinkaphunzira sitepe, anthu akuseka mpaka kugwira nthiti. Mawondo ankalira ngati chitseko chakale. Ku ofesi anzanga ankati mutu wanga wasokonekera.

Tsiku la mpikisano ndinavala kabudula woyera ndi sokosi zofika m'mawondo. Kingi anamasula mendulo ija n'kuimanga pa malaya anga.

"Mukaphonya sitepe ndikulandani pomwepo," anandichenjeza.

Sindinaphonye! Ndinavina mpaka pamene panali mpando wa amayi, n'kugwada ng'oma ikulirabe. Amayi anapapasa mendulo pachifuwa panga, anaitembenuza, chala chikuyenda pa mizere.

"Wanga ndi wapakatiwu," anatero.

Kenako amayi, munthu woyendera ndodo, anaimirira okha n'kuliza nthungululu, bwalo lonse n'kulandira. Ine ndinalira poyera, osachita manyazi.

Mendulo ikadali ya gulu, ndipo ndimavinabe Loweruka lililonse. Koma Kingi analamula tsiku lomwelo kuti gule akatha izikagona kwa amayi, pansi pa pilo wawo.