Nkhope ya Apongozi Anaiona Kamodzi Kokha

Abson Sakala anali wocheka matabwa, ndipo pa anthu awiri ogwira sowo iye anali wa m'dzenje, uja utuchi umamugwera m'maso tsiku lonse. Makolo ake anachoka naye ku Petauke akali wamng'ono kudzafuna minda kuno ku Chongwe. Anakula wosalankhulalankhula, koma mphamvu ndiye anali nazo. Anzake akamati tidikire wachitatu, iye wasenza kale chipika cha mlombwa.

Atakwatira Tisauke anamanga nyumba pafupi ndi amake a mkaziyo, a Salome, mayi wamasiye. Ulemu wa pachipongozi anausunga mpaka kunyanya. Akangomva kutsokomola kwa a Salome m'njira ankalowa patchire, kaya pali chitedze. Nawonso ankafunda nsalu kumutu n'kuyang'ana kumbali. Lister, mwana woyamba, anabadwa mpaka kuyamba kutunga madzi, awiriwo asanayang'anizanepo.

Chotupa chinayamba chaka chimene ankacheka matabwa a denga la tchalitchi. Chinatuluka m'mphechepeche chakumanja, chonga dzira la nkhuku. Akatsokomola kapena kunyamula cholemera chinkatumphuka. Akagona chagada n'kuchikankha ndi zala chinkabwerera m'kati chikulira gulugulu. Wina akanapita kuchipatala, koma osati Abson. Ankadziwa mmene anyamata amasekera munthu wa phudzi, kutsanzira kayendedwe kake kumowa. Anadula chubu cha njinga n'kumamanga m'chiuno, kansanza kakupsinja chotupacho. Analumbiritsa Tisauke kuti asauze munthu.

M'chilimwe cha 1956 mudzi wonse unapita kumaliro kwa Nkomeshya, Tisauke ali momwemo. Abson anatsala, poti mnzake wa sowo kunalibe, anati akweze yekha chipika pamwamba pa dzenje. Anamva ngati chinthu chang'ambika m'kati. Anafika kunyumba mokwawa, nagona kuseri kwa nkhokwe. Anakankha chotupa chija, chinakana. Anakankhanso mpaka kuona mdima, koma chinali gwa ngati mango osapsa. Kenako anayamba kusanza, poyamba zobiriwira, pambuyo pake zonunkha zoti munthu sasanza. Mimba inatupa. Chimbudzi osabwera, ngakhale mpweya osatuluka. Abson anachita mantha kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, mantha enieni, oti akufa ngati galu kuseri kwa nkhokwe.

Pamudzi panali munthu mmodzi yekha, a Salome, amene anatsala chifukwa cha mwendo. Anabwera akutsimphina, naima chofulatira, n'kumalankhula ngati akufunsa nkhokweyo.

"Kodi atate ake Lister adwala chani?"

"Ni malungo chabe, amayi," Abson anayankha nkhope ili m'dothi.

"Malungo sagwiritsa munthu pamene agwirapo apo."

Abson anangobuula. Pamenepo anamva nsalu ikugwa pansi, ndipo a Salome anagwada pambali pake, mutu uli pamtunda.

"Chotsani dzanja, nione."

"Iyayi amayi, sizingatheke. Bola nife."

"Kufa mukudziwa imwe?" a Salome anakalipa. "Atate ake Tisauke chinawapha ni chomwechi. Ananiuza kuti nisauze munthu, ine kupusa ninamvera, nikumawaphikira mizu. Ninawaika m'manda pamodzi na manyazi awo. Mwana wanga sameta mutu chaka chino. Chotsani dzanja!"

Bambo wosenza zipika uja analira ngati mwana, nachotsa dzanja. A Salome anamasula chubu chija n'kuona chotupa chitada, chikutentha.

"Lekani kukankha. Chikafika apa, ni mpeni wa dokotala chabe."

Anatsimphina mpaka kwa Nason, mkulu wa mudzi woyandikana amene anali ndi ngolo. Atamukweza Abson m'ngolomo, ng'ombe zinayenda monga ziyendera ng'ombe, zosadziwa kuti zanyamula munthu wotsala pang'ono kufa, ndipo mwala uliwonse Abson ankaumva m'mimba. Pamsewu waukulu malole awiri anadutsa n'kuwasiyira fumbi. Lole yachitatu ikubwera, a Salome anakaima pakati pa msewu manja ali m'mwamba. Dalaivala anatukwana, koma anaima.

M'lolemo, pamwamba pa matumba a chimanga, a Salome anatsamiritsa mutu wa mkamwini wawo pamiyendo pawo kuti asatsamwe ndi masanzi. Abson analibenso kothawira maso. Anaona mphini ziwiri patsaya, thukuta, ndi maso ofanana ndi a Lister. Anayesa kupepesa, iwo anangomupukuta pakamwa ndi nsalu.

Ku Lusaka anamung'amba tsiku lomwelo. Atatsitsimuka, womasulira anamufotokozera mawu a dokotala: thumbo linatulukira pamalo ofooka a mimba n'kukanirira, ndipo mbali ina inali itayamba kuola. Anaidula, nalumikiza, natseka pobowokapo. Akanabwera chikali kubwerera m'kati, ikanakhala ntchito yaing'ono. Akanagona kumudzi, matabwa ocheka yekha akanamupangira bokosi.

M'dzenje sanabwereremo. Anayamba kukhoma mipando ndi zitseko pansi pa mtengo, ndipo mnyamata aliyense woyenda atagwira m'chiuno ankamuitanira pambali. Koma choyamba, atangotha kuyenda bwino, anagwira nkhuku yoyera kupita kukathokoza, Tisauke ali patsogolo. Njira yonse ankakonza mawu. A Salome atamva mapazi anakoka nsalu kumutu, natembenukira kukhoma.

"Tisauke, uwauze atate ake Lister kuti nkhuku nalandira. Uwauzenso asanyamule vipika."

Abson anakhala pansi panja, akuyang'ana msana wawo. Anawomba m'manja pang'onopang'ono. A Salome anakhala ndi moyo mpaka Lister kukwatiwa, koma Abson nkhope yawo sanaionenso.