A Mwadya Akhala pa Benchi ya Odwala

Dzina lawo lenileni lili m'mapepala a ku ofesi ya zaumoyo, koma m'dera lonselo palibe amene amalitchula. Onse amangoti a Mwadya. Chinayambitsa n'chakuti wodwala akalowa m'kachipatala kawo, asananene n'komwe chimene chikumuwawa, funso loyamba linali lomwelo: "Mwadya?" Ukati ayi, ha, waziputa dala. Ankakukalipira kaye mpaka makutu kutentha, kenako n'kutsegula kabati, n'kukupatsa chakudya chawo chomwe cha masana, iwo n'kuswera ndi madzi.

Anafika kumeneko ali mtsikana wongotuluka kumene ku sukulu ya unamwino, atauzidwa kuti akakhalako zaka ziwiri zokha. Zaka ziwirizo zinaberekana mpaka kukwana makumi atatu ndi zinayi. Masiku oyambirira ntchito inali yobereketsa amayi ndi kuyeza makanda pa sikelo. Koma makanda aja anakula, n'kupita ku tauni kukasaka ntchito, ulendo waulendo. Kunatsala makolo okhaokha. Sikelo ya ana inachita dzimbiri pa msomali, ndipo khonde linadzaza ndi ndodo zoyendera, maondo otupa, matenda a shuga ndi bipi. A Mwadya ankawadziwa onse ndi zobisa zawo: uyu amasunga mapiritsi pansi pa pilo osamwa, uyu amalumbira kuti anasiya mchere chonsecho amayenda nawo m'thumba, uyu sadwala kanthu koma kunyumba kwake alibe wolankhula naye.

Kachipatalako kanali ka zipinda ziwiri basi. M'chimodzi munali tebulo, bedi lokutidwa ndi pulasitiki wobiriwira, ndi makina oyezera bipi amene lamba wake a Mwadya anali atamusoka kawiri ndi ulusi wakuda. M'chinacho munali mashelefu a mankhwala ndi firiji yolira ngati munthu wa chifuwa. Panja panali benchi yaitali, yosalala chifukwa cha kukhalidwa.

Tsono inabwera kalata. Inati a Mwadya akwanitsa zaka zopumira pa ntchito, ndipo ngati sipapezeka namwino wovomera kukhazikika kumeneko, kachipatalako katsekedwa pakutha pa chaka. Odwala azipita ku chipatala chachikulu, ulendo wa maola atatu pa msewu wa maenje. A Mwadya anaiwerenga ataima, anaiwerenganso atakhala pansi. Anaganiza za a Telala, mkulu wosoka zovala wa zaka makumi asanu ndi atatu, amene anali ndi bala la shuga pa mwendo lofunika kutsukidwa Lolemba ndi Lachinayi lililonse. Maola atatu? Mwendo umenewo ukanangodulidwa basi.

Ntchito za unamwino zinali mbwee kulikonse, anthu ake ndiwo ankasowa. Pa zaka zisanu a ku ofesi anali atatumizako anamwino anayi, ndipo onse anabwerera miyezi itatu isanathe. A Mwadya ankati vuto ndi msewu, kapena foni imene imagwira ukakwera pa chulu. Ndiye anapenta okha nyumba ya namwino, anasoka makatani, anabzala maluwa pakhomo, kuti wachisanu akabwera mtima ukhale m'malo.

Wachisanuyo atatsika m'galimoto ya mankhwala, benchi yonse inayasama kukamwa. Sanali mtsikana ayi. Anali bambo wa zaka makumi anayi ndi ziwiri, wa kamimba ndithu, imvi zitayamba m'mbali. Anayendetsa mabasi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Mayi awo atadwala nthawi yaitali, anawasamalira okha mpaka tsiku lomaliza, ndipo atamva kuti kukufunika anamwino, anasiya chiwongolero n'kukakhala m'kalasi ndi achinyamata oti akanatha kukhala ana awo. Anapatsidwa miyezi itatu yoonera, ikatha adzasaine pepala lonena ngati akhala kapena ayi.

Mbiri sigona. Sabata isanathe aliyense ankawatchula kuti a Dalaivala.

M'mawa uliwonse bambowo ankatulukira pa chitseko, atavala zoyera mbee, n'kuitana kuti, "Wotsatira!" Pa benchi palibe ankadzuka. Wina ankayamba kufunafuna chinthu m'chikwama, wina kuyang'ana kudenga.

"Bwerani, agogo," ankatero kwa a Telala.

"Pepani bambo, ndidikira amayi," a Telala ankayankha mwaulemu wake wonse. "Mwendo wangawu si tayala."

Ndipo a Mwadya, abale inu, m'malo mowakalipira, ankatuluka akumwetulira. "Musawaganizire, bambo, ndi ukalamba. Asiyeni ndiwaone ndine." Kunena zoona, mumtima ankamva kukoma. Munthu ndani sakondwa akamafunidwa? A Dalaivala akapeza mwayi womanga bala la wina, a Mwadya ankabwera pambuyo, n'kumasula bandeji, n'kumanganso, eti "kungokonza pang'ono." Mapeto ake bambo amene anakhoza bwino mayeso ake onse ankaswera akudula thonje, kusesa, ndi kuika mapiritsi m'timapepala. Sankadandaula. Ankangokhala chete, kachetechete wa munthu amene wayamba kale kulongedza katundu mumtima.

Kutatsala masabata awiri kuti miyezi itatu ija ithe, a Mwadya anawapeza a Dalaivala kuseri kwa kachipatala akuwerenga pa foni za malo ena ofuna anamwino. A Mwadya anabwerera kunyumba. Amuna awo, kalipentala wopuma, anali pakhonde akukhomerera mwendo wa mpando.

"Nayenso akupita," anatero a Mwadya. "Anthu a masiku ano, kaya amafuna chiyani. Makatani ndinasoka, maluwa ndinabzala."

Bambowo anachotsa msomali pakamwa. "Inu mayi, munthuyu anabwerera makatani?"

"Mukutanthauza chiyani?"

"Ine ndikanati ndilembe ntchito kalipentala, n'kumamulanda sowo tsiku lililonse, akanakhala masiku angati? Msewu mukuunamizira. Anayi aja munawathamangitsa ndinu, ndi chikondi chanucho."

Koma ndiye kunaphulika! A Mwadya anawakumbutsa amuna awo za shelefu yopendekera imene anakhoma zaka makumi awiri zapitazo, ndi zina zambiri zosagwirizana ndi nkhaniyo. Sanawalankhulenso mpaka kutacha. Komabe ankadziwa kuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mawuwo anawawa chifukwa anali oona.

Loweruka analemba kalata yotenga tchuthi, chinthu chimene anali asanachitepo chiyambire. Anati odwala akandisowa, adzalowa okha kwa bambo uja.

Lolemba m'mawa, akusesa pabwalo pawo, anamva go, go, go, mu msewu. Atakweza maso, anaona mdipiti wa ndodo zoyendera. Okalamba khumi ndi mmodzi, a Telala ali patsogolo, anafika n'kukhala pakhonde pawo motsatana bwinobwino monga anafikira, aliyense kabuku ka kuchipatala kali pamwendo.

"Tinamva kuti mwasamukira kuno," anatero a Telala.

Amuna awo anasuzumira pa windo. "Ndikatenge bedi la pulasitiki lija?"

A Mwadya anafuna kuseka, koma sizinali zoseketsa. Anthu awa, anthu awo awa, chifukwa chowakonda anali kudzitsekera okha chipatala, ndipo anawaphunzitsa zimenezo ndi iwo omwe. Anaika tsache pansi. Sanavale yunifomu. Anangotenga chikwama n'kunena kuti, "Inenso lero ndine wodwala. Tiyeni."

Ulendo wa mphindi zisanu unatenga theka la ola. Atafika, a Mwadya anakhala koyambirira kwa benchi, malo amene anali asanakhalepo. A Dalaivala anatuluka, anaona, anaima kaye. Kenako anati, "Wotsatira."

A Mwadya analowa n'kusiya chitseko chili pululu kuti onse aone. Cholinga chawo chinali kungochita sewero: ayezedwe, ayamikire mokweza, basi. A Dalaivala anawakulunga lamba pamkono, anapopa, anayang'ana manambala. Anadikira pang'ono, n'kuyezanso mkono winawo. Nkhope yawo inasintha.

"Amayi, mutu umakupwetekani m'mawa?"

"Pang'ono chabe."

"Kuyambira liti?"

"Chaka chatha, mwina."

"Chaka chatha! Munadziyeza liti komaliza?"

A Mwadya anayang'ana pansi. Makinawo ankawagwira kambirimbiri pa tsiku, koma pa mkono wawo anali asanawaikepo kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

"Amayi, ndikuuzani mosapsatira," anatero a Dalaivala, mawu ali pamwamba ndithu. "Basi ya vuto ngati ili sindinkaitulutsa pa depoti. Bipi yanu yakwera koopsa. Mukugona pa bedi apa theka la ola, ndikuyezaninso. Mapiritsi muyamba lero, mchere musiya, ndipo Lachinayi ndikufuna ndikuoneni. Mwandimva?"

"Komatu ine..."

"Mwandimva, amayi?"

"Ndamva, bambo."

Chibadwire anthu a pa benchi aja anali asanamvepo munthu akuwadula mawu a Mwadya. Patapita kanthawi, a Telala anagwira ndodo yawo n'kudzuka okha, osaitanidwa.

"Munthu wokalipira a Mwadya n'kukhalabe ndi moyo," anauza anzawo, "ameneyo ndi dokotala."

A Mwadya, ali chigonere pa bedi lija, anaonerera bala la a Telala likutsukidwa ndi manja a munthu wina. Bandeji anaiyambira kumbali imene iwo sankayambirako. Zala zinawayabwa, mawu anafika pa nsonga ya lilime. Anapanikiza manja pansi pa msana n'kutseka maso. Lachinayi bala lija linapezeka loyera bwino, ndipo zimenezo zinawasangalatsa n'kuwachititsanso kansanje pang'ono.

Masiku otsatirawo a Mwadya sanalowererepo. Ankabwera pa tsiku lawo lokha, ndi kabuku katsopano kolembedwa ndi dzanja la a Dalaivala, n'kudikira pa mzere ngati aliyense. Za pepala lija sanafunse, ngakhale kuti mtima unali m'mwamba.

Tsiku lomaliza, galimoto ya mankhwala inabwera, inatenga envulopu yomata, n'kupita. A Mwadya anali pa mpando wa odwala, lamba ali pamkono. A Dalaivala anapopa, anawerenga, n'kulemba.

"Yatsika," anatero pomaliza. "Koma nkhope yanu ikundiuza kuti mchere mukubabe."

"Amene anakuuzani ndi amuna anga, eti?"

"Sinditchula mayina." A Dalaivala anamasula lamba pang'onopang'ono, n'kumupinda. "Amayi, ndifunseko. Sukulu ya kuno imalandira ana pakati pa chaka? Anga alipo atatu, ndipo mayi awo akuti afike mwezi usanathe."

Misozi ya a Mwadya inangotsika yokha, pamaso pa benchi yonse imene inali kusuzumira pa chitseko.

"Iyayi, amayi," anatero a Dalaivala, akuwapatsa thonje. "Mukalirire panja. Muno mukundichedwetsera odwala anga."